Makatiriji awiri amene ndinagula pachabe ndisanatenge rula

Pulinta imene imandidyetsa ndi HP LaserJet 1020. Mtundu umenewu unatuluka mu 2005, ndipo yangayi ndinaigula mu 2014 itagwira kale ntchito, ku ofesi ina ya ku Blantyre imene inkatseka. Ndili ndi kashopu pa Lunzu kotaipira anthu makalata, ma CV, mapulogalamu a maukwati ndi a maliro, komanso mayeso a masukulu ang'onoang'ono a pulaiveti. Pulintayi ilibe sikirini, ilibenso batani loti n'kudina kupatula switchi yakumbuyo. Ili ndi timagetsi tiwiri basi, kobiriwira ndi kachikasu. Ikadwala siinena pamene pakuwawa, imangophethira kachikasuko ngati khanda.

Unali December wa 2023, mwezi usanathe chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti, mitengo ya chilichonse chochokera kunja itapenga. Lachisanu m'mawa anabwera ahedi a sukulu ina ndi flash yawo, muli mayeso a teremu yoyamba a makalasi onse.

"Achimwene, Lolemba 7 koloko ana akhala atakhala pansi. Mundithandiza?"

"Musadandaule ahedi, mawa madzulo mudzapeza zonse zili m'maenvelopu."

Mapepala oyambirira anatuluka bwinobwino. Kenako m'mbali mwa dzanja lamanja munayamba kuoneka chibanga chakuda, ngati wina wadindapo chala cha makala, ndipo chinkabwerezabwereza kutsika mpaka pansi pa pepala. Zilembo za mbali imeneyo ndikazikhudza zinkafufutika, ufa n'kutsalira pachala.

Aliyense amene ali ndi pulinta ya laser akaona zakuda papepala amathamangira kunena kuti ndi tona, ufa wakuda wosindikizira uja. Nanenso ndinatero. Katiriji yanga ya 12A, kabokosi kosungira tonayo, ndinali nditaithira ufa kanayi, ndiye ndinati yatopa. Ndinakwera minibasi wa ku Limbe, n'kukagula ina ya zongofanizira zija, osati ya HP yeniyeni. Nditaiika, chibanga chija chinali pompo, pamalo omwewo. Mtima unakwera, ndinati andigulitsa yachinyengo. Loweruka m'mawa ndinabwereranso m'tauni, n'kulowa shopu ina, n'kugula yodulirapo. Kufika nayo pa Lunzu, pepala loyamba lomwe, chibanga chija chili phee kundidikira. Ndalama ya makatiriji awiri ndi thiransipoti ya maulendo awiri inali italowa m'madzi, ndipo mayeso a ahedi ndinali ndisanafike nawo n'pakati pomwe.

Safunsa anadya phula. Ndinaimbira foni mkulu wina amene wakhala akukonza mafotokope kuyambira ine ndisanamere ndevu. Ndinayamba kumufotokozera za anthu ogulitsa makatiriji abodza, koma anandidula.

"Mwana wanga, uli ndi rula pamenepo?"

"Rula, madala?"

"Ya ana asukulu yomweyo. Yeza kuchokera pa chibanga choyamba kufika pa chachiwiri, undiuze mamilimita."

Ndinayeza. Inali 56, mwina kupitirira pang'ono.

"Ndiye makatiriji akowo alibe mlandu. Filimu ya fuser yang'ambika."

Zimene anandifotokozera pafoni tsiku limenelo ndi zimene ndikanakonda kuzidziwa mu 2014, ndiye ndizifotokoza mofatsa. Mkati mwa katiriji muli dramu, chimpukutu chobiriwira kapena chabuluu chija amatiletsa kugwira ndi manja. Karola kakuda kamalipatsa mphamvu ya magetsi thupi lonse, kenako kuwala kwa laser kumalemba padramupo, kuchotsa mphamvuyo pokhapo pamene payenera kukhala zilembo. Tona, yemwe ndi ufa wa pulasitiki, amakakakamira pamalo olembedwawo. Pepala likamadutsa, rola ya siponji imene ili m'pulinta momwemo imakokera ufawo kuchoka padramu kupita papepala. Pofika apa zilembo zilipo kale, koma ndi ufa chabe, mutauzira zikhoza kuuluka. Chimene chimazimata ndi fuser, imene ili kumbuyo chakumtunda, pafupi ndi potulukira pepala. Imatentha kuyandikira madigiri 200, n'kusungunula ufawo uku ikuufinyira papepala. N'chifukwa chake pepala limatuluka lofunda ngati chigumu chongophula.

Tsono zinthu zonsezi ndi zozungulira, ndipo chilichonse chili ndi kunenepa kwake. Chikakhala ndi bala, chimadinda balalo papepala kamodzi pa kuzungulira kulikonse. Dramu la mu 12A likazungulira kamodzi pepala limakhala layenda mamilimita pafupifupi 75, choncho bala la padramu limaoneka mwina kanayi pa pepala la A4, limene ndi lotalika mamilimita 297. Filimu ya fuser, kachubu kokuta hita ya mkati mwake, ndi yowonda, imazungulira pa mamilimita pafupifupi 56, ndiye bala lake limaoneka kasanu. Timarola ting'onoting'ono ta m'katiriji timabwereza pa mamilimita pafupifupi 38. Manambalawa ndi a 1020 ndi abale ake, ya mtundu wina ili ndi akeake, koma nzeru yake ndi yomweyo. Rula ya ndalama zochepa ikanandiuza Lachisanu lomwe lija kuti ku Limbe ndikagule chiyani.

Madala aja anandiuzanso njira yachiwiri yotsimikizira. Tumizani pepala limodzi kuchokera pakompyuta, ndipo likangolowa theka, tsegulani chitseko chapamwamba kuti pulinta iime. Chotsani katiriji, kokani pepalalo pang'onopang'ono. Pamafunika changu chifukwa 1020 imatulutsa mapepala 14 pa mphindi, ine ndinaphonya kawiri. Kachitatu ndinaligwira bwino. Mbali ya pepala imene inali isanafike mu fuser inali yoyera mbee, zilembo zake zaufa zili bwinobwino, popanda chibanga n'chimodzi chomwe. Mbali imene inali italowa kale ndi imene inali yodetsedwa. Zikakhala kuti chibanga chilipo kale pepala lisanafike mu fuser, mlandu umabwerera ku katiriji kapena ku rola ya siponji ija. Komanso, zilembo zofufutika ndi chala zinali zikundiuza kale kuti kumata kwavuta. Katiriji simata, ndiye sikanakhala iyo.

Fuser yathunthu imagulitsidwa, koma mtengo wake unali pafupi ndi wa pulinta ina yakale yamtundu womwewo. Mukaganiza zogula yathunthu, onani bwino pa chizindikiro chake: ilipo ya 110V ya ku America ndi ya 220V ya kuno. Ya 110V mukailumikiza ku magetsi athu siichedwa kupsa. Ine ndinasankha kugula filimu yokha, imene ndi yotchipa kuposa katiriji, pamodzi ndi kagirisi kake kam'kapaketi. Unali ulendo wachitatu wa ku Limbe, Loweruka lomwelo masana, ndipo kondakitala wina anafika pondizindikira.

Ndinaitsegula usiku, shopu nditatseka. Choyamba ndinazula pulagi kukhoma, osati kungothimitsa switchi, n'kudikira theka la ola kuti fuser izizire. Musachite masewera ndi zimenezi: hita ya mkatimo imatenga magetsi a kusoketi mwachindunji. Katiriji ndinaikulunga m'nsalu yakuda n'kuiika m'kabati, chifukwa dramu likaona kuwala nthawi yaitali limawonongeka. Ndinatenga thireyi ya mazira yopanda kanthu yoikamo masikuruu, chibowo chilichonse gawo lake, ndipo ndisanazule waya uliwonse ndinkayamba ndajambula ndi foni. Zinthu ziwirizi, thireyi ndi zithunzi, ndi zimene zinandipulumutsa pambuyo pake.

Zovundikira za m'mbali zimagwidwa ndi masikuruu akumbuyo komanso timano tapulasitiki tobisika. Pulasitiki ya zaka pafupifupi makumi awiri imene yakhala ikutenthedwa tsiku ndi tsiku imakhala yofwafwaza ngati chipande chakale. Ikakana, musakakamize, fufuzani dzino limene likugwira. Ine limodzi ndinathyola, ndipo mpaka lero mbali yakumanzere imagwidwa ndi tepi. Zovundikira zikachoka, fuser imaonekera, mawaya ake ali mbali zonse ziwiri.

Nditaiika patebulo ndinaona mlandu wonse. Filimu ndi kachubu kopyapyala kotuwa, kamene kamazungulira pamwamba pa hita uku kakufinyidwa ndi rola ya labala. Kumapeto kwake kunali kong'ambika ngati m'phepete mwa chitenje chakale, ndipo chapafupi panali kabowo kozunguliridwa ndi tona wopserera. Mkati, pakona, ndinapeza kawaya ka stepula kopindika. Apa palibe amene ndingamuloze chala. Ndili ndi chizolowezi chosindikiza zoyeserera kumbuyo kwa mapepala akale pofuna kupulumutsa rimu, ndipo tsiku lina pepala lina linalowa ndi kawaya kake. Kanaboola filimu, kabowo n'kumakula pang'onopang'ono mpaka kanasankha sabata ya mayeso.

Kuti filimu ituluke mumayamba mwamasula masipuling'i awiri amene amafinya, kenako n'kuchotsa kapulasitiki ka kumapeto kumodzi, filimu n'kuivula ngati sokosi. Pansi pake pali hita, kachidutswa kakatali kopyapyala kopangidwa ndi dothi lowotcha longa la makapu. Kamasweka msanga kuposa bisiketi, ndipo kakasweka ntchito yonse yathera pomwepo. Girisi wakale anali atauma, wakuda bii ngati phula la pamsewu. Ndinamupukuta ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, modekha, osakanda ndi chitsulo.

Pa nkhani ya girisi ndinatsala pang'ono kulakwitsanso. Kapaketi kaja kanandionekera kochepa kwambiri, ndipo mnzanga wokonza njinga pafupi ndi shopu yanga anali atandipatsa kale wake m'kachitini. Mwamwayi ndinaimbanso foni, ngakhale inali itadutsa 9 koloko.

"Madala, pepani ndi usiku uno. Girisi wa njinga sangathandizire?"

"Ukafuna kudzatsegulanso sabata ya mawa, paka. Ameneyo akatentha amasungunuka n'kupserera, filimu n'kugwira. Kochepako n'kokwana. Paka mzere wopyapyala pa hita pokha, kunja kwa filimu kusakhudzidwe."

Filimu yatsopano ili ndi kamzere kosiyana mtundu kumapeto kumodzi. Kamayenera kupita mbali imene kanali pa yakale, ndipo apa chithunzi cha pafoni chinagwira ntchito yake. Ndinaiveka, n'kuizungulitsa ndi zala kuti girisi afalikire mkati, n'kubwezeretsa zonse.

Nditayatsa, kagetsi kachikasu kanayamba kuphethira, kompyuta ikunena kuti pepala lakodwa, chonsecho mkati mulibe pepala. Mutu unaima. Inali cha m'ma 11 koloko, udzudzu ukundidya m'miyendo. Nditayang'ana m'thireyi ya mazira, m'chibowo chimodzi munali mutatsala kasipuling'i kakang'ono ngati nyerere. Potulukira pepala pali kandodo kapulasitiki kamene pepala limakankha likamadutsa, ndipo kasipuling'iko ndi kamene kamakabweza. Kakapanda kubwerera, pulinta imaganiza kuti pepala likadali m'njira. Ndinatsegulanso, n'kukakoleka poyang'ana chithunzi. Kagetsi kobiriwira kanayaka. Pepala loyamba linatuluka loyera, ndinalikhutiza ndi chala mwamphamvu, zilembo osasuntha. Lamulungu kutchalitchi sindinapite, ndinaswera kusindikiza, ndipo ahedi anatenga maenvelopu awo madzulo. Sindinawauze kuti phindu la ntchito yawo linali litathera mu minibasi.

Mvula itakhazikika mu January kunabwera vuto lina, lofala kwambiri pa mapulinta okalamba: kukana kutola pepala. Mumamva rola ikuzungulira, pepala n'kungogwedezeka osalowa, kagetsi kachikasu n'kuyaka. Nthawi zina inkatola atatu pakamodzi. Ulendo uno sindinathamangire ku Limbe. Mukachotsa katiriji n'kusuzumira mkati, mumaona karola ka labala kooneka ngati theka la mwezi, kogwidwa ndi timano tiwiri toyera. Mukatikankhira kunja karolako kamatuluka popanda sikurudiraiva. Kanga kanali kosalala ngati tayala lotha mapanga, kodzaza fumbi la mapepala. Ndinakapukuta ndi nsalu yonyowa ndi madzi, kakauma n'kukabwezera, ndipo kanagwira ntchito milungu ingapo. Kataterereranso ndinavula labalayo n'kuitembenuza kuti mbali imene sinkakhudza pepala ibwere kutsogolo. Zimenezi ndi zongogulira nthawi, pamapeto pake ndinagula katsopano, ndipo si kodula.

Kutola mapepala ambiri pakamodzi kumachokera kwina. Pansi pa karolako pali kachidutswa ka labala kamene ntchito yake ndi kugwira mapepala apansi kuti lapamwamba lokha lidutse. Pa 1020 kamamasulidwa chakumbuyo, pansi, ndi masikuruu awiri. Kakatha, kasintheni pamodzi ndi karola, chifukwa ziwirizi zimakalamba limodzi.

Koma theka la mavuto a nyengo ya mvula si pulinta ayi, ndi pepala. Rimu yotsegula ikagona m'shopu ya malata usiku wa chinyezi, mapepala amamwa madzi, amamatana, ndipo akadutsa mu fuser amatuluka atapindika ngati tsamba la fodya, mwinanso utsi wa nthunzi ukutuluka. Anthu ena amachita mantha kuti pulinta ikupsa. Ine masiku ano ndimasunga rimu m'pepala lake lokutira lija, m'kati mwa chidebe chapulasitiki chotseka, ndipo m'thireyi ya pulinta ndimaikamo okwanira ntchito ya nthawi imeneyo, ngakhale imatha kunyamula 150. Ndisanaike ndimawapukusa kaye m'manja kuti alekane.

Pali kachilombo kena kobisika kamene kanandizunguza pafupifupi mwezi. Pulinta inkatola pepala lachiwiri loyamba lisanathe, n'kukodwa, pena n'kutulutsa lopanda kanthu pakati pa ntchito. Karola kanali katsopano, mapepala ouma. M'mbali mwa pulinta, pafupi ndi magiya, muli solenoid, kamaginito kamene kamakoka kachitsulo kuti karola kazungulire kamodzi kokha n'kuima. Pamene kachitsuloko kamamenya anamatapo kasiponji kochepetsa phokoso. Ndi zaka, kasiponjiko kamasungunuka n'kusanduka ulimbo, kachitsulo n'kumachedwa kubwerera, karola n'kuzungulira kawiri. Ndinapala ulimbowo, n'kupukuta ndi spiriti, n'kumatapo tizidutswa tiwiri ta tepi yamagetsi. Musasiye chitsulo chokhachokha popanda kanthu, chimatha kugwirana ndi maginito. Kukonza kumeneku sikunandidyere tambala.

Zina ndingozitchula mwachidule. Mzere woonda wakuda woyenda kuchokera pamwamba mpaka pansi osadukiza nthawi zambiri ndi dramu lokandika kapena mpeni wa labala wopukuta dramu, zonse m'katiriji. Mzere woyera ndi tona amene akutha: tulutsani katiriji, igwedezeni cham'mbali kangapo, mupezamo mapepala ena angapo. Pepala lonse lotuwa ngakhale katiriji ili yodzaza, yambani mwaona ngati EconoMode, njira yosindikiza mosunga tona, siyotsegula mu driver, pulogalamu ya pulintayi pakompyuta, kenako ganizirani fumbi pa kagalasi ka laser. Pa Lunzu fumbi la October sililowa m'mphuno mokha. Pepala loyera mbee pa katiriji yatsopano, muone ngati munasolola kalamba kotsekera tona kaja. Musaseke, zinandichitikira.

Nthawi zina pulinta imakhala ilibe vuto lililonse. 1020 ili ndi ubongo wochepa kwambiri, memory yake ndi 2 MB, ndipo ntchito yaikulu yokonza tsamba imachitikira pakompyuta. Imadaliranso kompyuta kuipatsa pulogalamu yake yoyendetsera nthawi iliyonse ikayatsidwa. Ndiye magetsi akathima pakati pa ntchito, Windows imatha kutsala ndi ntchito yokodwa pamzere imene siifufutika, ndipo chilichonse chimene mungatumize chimangoima kumbuyo kwake. Mankhwala ake ndi awa: thimitsani pulinta, tsegulani services.msc, imitsani Print Spooler, fufutani zonse za mu C:\Windows\System32\spool\PRINTERS, yambitsaninso Print Spooler, kenako yatsani pulinta. Chingwe cha USB chachitali kwambiri kapena chothothoka nachonso chimachititsa kuti kompyuta iziiona n'kumaitaya.

Za magetsi, pulinta ya laser musailumikize ku UPS yaing'ono ya kompyuta, kabokosi ka batire kothandiza magetsi akathima, kapena ku invata ya sola yowonera TV. Fuser ikamatenthetsa imakoka mphamvu yambiri mwadzidzidzi, UPS n'kulira, kompyuta n'kuthima. Yanga ili pa soketi yakeyake kudzera pa kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, ndipo akangothima ndimazula pulagi mpaka atabwera n'kukhazikika.

Ubwino wa 12A ndi woti ilibe chip, kachipangizo kowerengera tona, ndiye palibe chimene chimakuletsani kuithira ufa. Koma ufa wake ukhale wa HP wa mtundu umenewu, umene uli ndi maginito. Wa Brother kapena wa Kyocera ndi wina, ngakhale onse ndi akuda. Pothira, khuthulaninso chipinda cha ufa wotsalira, chifukwa chikadzaza chimataya zinyalala papepala. Chitirani panja, mphuno mutamanga, ndipo ufa ukagwera pa malaya chapani ndi madzi ozizira. Otentha amausungunula n'kuumata pansalu monga mmene fuser imachitira papepala. Shati yanga yoyera ya kutchalitchi ndi mboni.

Ndikafunsidwa ngati pulinta yotere ndi yoyenera kuikonzabe, ndimayankha kuti zimatengera chimene chafa. Marola, filimu, kasiponji ndi magiya ndi zotchipa, ndipo munthu wodekha akhoza kusintha yekha. Likafa bolodi la magetsi kapena laser, musagule chatsopano, funani pulinta ina yakufa yamtundu womwewo muphwasule. LaserJet 1018 ndi m'bale wake wapafupi, ndipo Canon LBP2900 imalandira katiriji yofanana, chifukwa injini za mapulinta amenewa ndi za Canon. Ine ndinagula 1018 yopsa bolodi kwa munthu wina amene ankafuna kuitaya, ili pansi pa tebulo, ndipo ndachotsamo kale chitseko ndi thireyi.

Makatiriji awiri aja sanapite pachabe kwenikweni, ndinawagwiritsa ntchito onse mpaka kutha, kungoti ndalama yake inatuluka nthawi imene ndinalibe. Panopa pulintayi yayamba kaphokoso kena, kakuti "tcha, tcha, tcha" kumbuyo chakumanja pepala likamatuluka. Zilembo zili bwino, palibe choyeza ndi rula. Madala aja akuti ndi giya yoyendetsa fuser imene yayamba kutha mano, ndipo akuti ndisadikire sabata ya mayeso. Ya mu 1018 ija ndaiyang'ana, mano ake ndi athunthu. Thireyi ya mazira ndapempha kale kwa mayi a pagolosale, ndiitsegula Loweruka likubwerali ndikatseka shopu.